Namzeze Azula Chingwe Alendo Akuona

1. Anthu a pansi

Kampani imene Namzeze ankagwirako ntchito inali m'zipinda zitatu pamwamba pa sitolo yogulitsa matayala. Munthu akakwera masitepe ankapeza chitseko chobiriwira. Kuseri kwake kunali madesiki asanu ndi limodzi, ketulo imodzi, ndi kachipinda kozizira mmene makina ankang'ung'udza tsiku lonse.

Anthu a mmenemo sankapanga mapulogalamu amene ana amaseweretsa pafoni. Ankapanga chinthu chimene chimakhala pansi pa mapulogalamu ena, monga mmene maziko amakhalira pansi pa nyumba. Chinthucho ankachitcha nkhokwe. Munthu wolemba pulogalamu ya chipatala kapena ya sukulu safuna kuvutika ndi kasungidwe ka mayina ndi manambala. Amapereka zonsezo ku nkhokwe, ndipo nkhokweyo imayankha kuti, "Ndasunga." Akamva mawu amenewo amapitiriza ntchito yake mtima uli m'malo.

Namzeze anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Dzinali anamupatsa ndi anzake a pantchito, chifukwa zala zake zinkauluka pakompyuta ngati mbalame ija. Anamulemba moyesa kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo miyeziyo inali kutha Lachisanu limene nkhaniyi inachitika. Kalata yomukhazikitsa pantchito inali italembedwa kale, koma inali isanasainidwe.

Woyenera kuisaina anali mwini kampaniyo, amene antchito ankamutcha a Mawa. Kasitomala akapempha chinthu, iwo ankayankha kuti, "Mawa chikhala chitatheka," asanafunse n'komwe amene adzachipange. Sanali munthu woipa. Anali munthu wothamanga.

Masabata atatu m'mbuyomo, Namzeze anasintha mizere ingapo ya malangizo a kompyuta m'nkhokwe muja, ndipo liwiro lake linakwera katatu. A Mawa anavina pakati pa ofesi. Analemba mawu akuti KATATU ndi zilembo zikuluzikulu papepala, n'kulimata pakhoma. Anaitananso alendo: mainjiniya amene ankapanga pulogalamu yosungira mbiri ya matumba a magazi m'zipatala. Alendowo anayenera kufika Lachisanu, 2 koloko masana, ndipo wosankhidwa kuimirira pamaso pawo anali Namzeze.

2. Funso la patebulo

M'mawa wa tsikulo Namzeze anapeza bambo ake atakhala kale patebulo, akupungula tiyi. Bambowo anagwira ntchito papositi zaka makumi atatu ndi chimodzi asanapume, ndipo mpaka pano sankatuluka m'chipinda asanamange mabatani onse a malaya.

"Tandifotokozera bwino ntchito yakoyi," anatero bambowo. "Anzanga akandifunsa ndimangoti mwana wanga amakonza makina. Dzulo wina wabweretsa simbi yake yakufa kuti umuonere."

Namzeze anaseka. "Ababa, mukundichotsetsa ulemu m'dera muno. Mvetserani. M'kompyuta muli malo awiri. Ena ali ngati dzanja: amagwira chinthu msanga, koma magetsi akazima zonse zimagwa. Ena ali ngati thumba: amachedwa kulandira, koma chikalowa chalowa. Malo achiwiriwa timawatcha disiki. Kale nkhokwe yathu inkaima n'kumadikira chinthu chilichonse kuti chilowe m'thumba. Ine ndachotsa kudikirako."

"Wachita bwino. Nanga pamene ikunena kuti ndasunga, chinthucho chimakhala chili m'dzanja kapena m'thumba?"

"Chimakhala chili panjira. Ndi kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso."

Bambowo anaika kapu pansi.

"Tamvera, mwanangu. Chaka changa choyamba papositi ndinatchuka ndi changu. Munthu akabwera ndi kalata yofunika, lamulo linali lakuti uyambe waiponya m'thumba, ukatero udinde kapepala kake, azipita. Ine ndinaona kuti mzere ukutalika. Ndinayamba kudinda kaye, makalata n'kumawaunjika pambali kuti ndiwaponye pamodzi. Mzere unkatha msanga, ndipo anthu ankandiyamikira. Tsiku lina mphepo inakankha zenera, kalata imodzi n'kugwera kuseri kwa kabati. Tinaipeza patapita miyezi inayi. Inali ya mnyamata wofunsira malo kusukulu ya unamwino. Anabwera ndi kapepala kake, n'kundilozera chidindo changa. Sanakalipe. Anangoti, 'Mukanandiuza kuti yakanika, ndikanalemba ina.' Chinamupweteka ndi chidindocho, pakuti anapita kwawo ali wotsimikiza. Kutaya chinthu ndi tsoka, mwanangu. Koma ukauza munthu kuti chasungika chisanasungike, wamulanda mpata wodzithandiza."

Namzeze anaimirira, n'kukoleka chikwama paphewa. "Ababa, m'kompyuta mulibe mazenera."

"Mphepo siisowa polowera," anatero bambowo. "Pita, ungachedwe. Ukaimirire chilili, usakapinde msana pamaso pa alendo."

3. Mwambo wa m'kachipinda kozizira

Pakampanipo panali mwambo umodzi umene sunalembedwe paliponse. Nkhokwe isanaperekedwe kwa munthu aliyense, ankaipatsa ntchito yambiri pamakina oyesera, ndipo ili mkati mosunga, wina ankazula chingwe cha magetsi pakhoma. Makinawo analibe batire, mwadala. Akawayatsanso ankawerenga: chilichonse chimene nkhokwe inati yasunga chiyenera kupezeka.

Mwambowu anauyambitsa injiniya wamkulu pa onse, mayi wa imvi amene anapanga nkhokwe zosiyanasiyana kwa zaka makumi atatu. N'chifukwa chake ankamutcha Mayi Chizula. Koma mayiwo anali atachoka masabata atatu kukachitidwa opaleshoni ya maso. Nthawi yonseyo chingwe sichinazulidwe. Wina atakumbutsa, a Mawa anayankha monga mwa dzina lawo.

Namzeze atafika, sanakhale padesiki yake. Anakodola mnzake wina, mnyamata wolongolola amene ankamutcha Wailesi.

"Tiye kozizira. Ukandiwerengere manambala."

"Lero? Mkwatibwi salowa kukhitchini tsiku la ukwati, aise."

"Tiye basi."

Analowa n'kutseka chitseko. Namzeze analamula makina kuti atumize mayina opeka zikwi khumi ku nkhokwe yake yothamanga ija. Manambala anayamba kuthamanga pasikirini. Atadutsa theka, anawerama, n'kugwira chingwe chakuda, n'kuchikoka.

Phokoso la makina linatha. M'kachipindamo munangoti zii.

Anabwezera chingwe n'kudikira. Makina atadzuka, Wailesi anawerenga mokweza.

"Inati ndasunga ka 6,240." Anayang'anitsitsa, n'kupukuta sikirini ndi mkono wa malaya ngati vuto linali fumbi. "Zopezeka ndi 5,828."

"Chotsera."

"Ndachotsera kale, ndikungoopa kunena. Mayina 412 apita."

Anabwereza kachiwiri. Anasowa mayina 390. Nthawi inali itangopitirira 9 koloko.

Wailesi anatsitsa mawu, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. "Tamvera, mchemwali. Titulukemo muno ngati tinangobwera kudzapuma kutentha. Alendo akhala mphindi makumi atatu. Magetsi angazime m'mphindi zimenezo? Onetsa katatu wakoyo, aombe m'manja, ulandire kalata yako. Lolemba ukonze mwakachetechete. Adziwe ndani? Ine pakamwa panga ndakhoma loko."

"Pakamwa pako? Iweyo Wailesi?"

"Wailesi imathimitsidwanso, usandinyoze. Ndikukuthandiza. Unaona mmene ntchito zikusowera. Ine ndinayenda chaka chathunthu ndi satifiketi m'khwapa mpaka inayamba kununkha thukuta."

Namzeze asanayankhe, chitseko chinatseguka.

4. Mawu a Mayi Chizula

Anali Mayi Chizula, atavala magalasi akuda. Anali atangobwerera kuntchito m'mawa womwewo.

"Maso ndiye anandikonza, koma makutu anga sanafune dokotala," anatero. "Ndamva makina akhala chete kawiri. Wazula ndani?"

"Ndine, mayi," anayankha Namzeze.

"Zasowa zingati?"

"412. Kachiwiri 390."

Mayiwo anauza Wailesi kuti akatereke ketulo. Iye anatuluka mofulumira ngati mwana amene wapulumuka chikwapu. Kenaka mayiwo anakhala pampando wokhawo umene unalimo, n'kuuza Namzeze kuti awaonetse mzere wolakwikawo. Anasendeza nkhope pafupi ndi sikirini, n'kugwedeza mutu.

"Dzenje ili ndi lakale. Inenso ndinagwamo ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, pakuti liwiro limaledzeretsa. Tsono ndikuuze chimene sanakuphunzitse kukoleji. Ife ndife anthu a pansi. Wolemba pulogalamu ya chipatala sadzawerenga mizere yathu, alibe nthawi. Namwino sadzadziwa n'komwe kuti tilipo. Iye adzalemba kuti thumba ili la magazi lapezeka ndi matenda, lisaperekedwe kwa munthu. Sikirini idzamuuza kuti zasungika, iye n'kuthamangira wodwala wina. Magetsi akaphethira, mawu ake asowa, ndipo thumba lija lidzakhala pashelefu ngati labwino. Palibe belu lidzalire. Cholakwa cha pamwamba chimaoneka: batani likakana, munthu amakalipa, wina n'kukonza. Cholakwa cha pansi chimakhala chete. Chimadikira mwezi, chimadikira chaka, ndipo chikadzatuluka chimagwera munthu amene sanamvepo dzina lathu."

Namzeze anaweramitsa mutu.

"Dzutsa mutuwo, sindikukudzudzula. Masabata atatu anthu asanu akhala muno akuombera m'manja pepala la pakhoma, ndipo wazula chingwe ndiwe wekha. N'chifukwa chake ine ndimazula. Anyamata amandiseka kuti ndimadana ndi makina. Aseke. Nkhokwe imene sinazulidwepo chingwe ili ngati mlatho umene lole sinadutsepo. Ukhoza kuupaka penti, ukhoza kuujambula, koma sungauze mwana wa mnzako kuti awoloke."

"Ndichite chiyani, mayi?"

"Kukonza ukudziwa. Bwezera kudikira kuja, ndi ntchito ya mphindi khumi. Chimene ukufunsa ndi china, ndipo chimenecho sindikuyankhira. Ine sindikauza a Mawa. Mzere ndi wako, dzina lako lili pambali pake. Ukasankha kukhala chete, Lolemba ndidzazula chingwe monga mwa mwambo, ndipo ndidzanena zimene ndidzaone. Lero ndi lako."

Atatero anatuluka, akupapasa khoma ndi dzanja.

Namzeze anakonza mzere uja. Anayesanso liwiro. Pamene nkhokwe yakale inkasunga mayina khumi, yokonzedwayi inkasunga khumi ndi awiri. Katatu uja anali atapita. Anazula chingwe, n'kuwerenga: palibe dzina linasowa.

5. Cholembera m'thumba

Anapeza a Mawa m'chipinda chawo akumanga tayi patsogolo pa zenera, uku akuyeseza mawu olonjerera alendo.

"Namzeze! Nyenyezi yathu! Lowa. Wakonzeka?"

"Bwana, ndabwera ndi nkhani yoipa, ndipo woyambitsa ndine."

Anafotokoza zonse mwadongosolo, osawonjezera, osachotsera. A Mawa anamvetsera tayi ili lende m'khosi.

"Katatu," anatero motsitsa. Kenaka mawu anakwera. "Katatu! Ndinawalembera m'kalata, ndinawauza pafoni, ndinamata pakhoma! Anthu awa ndawathamangira miyezi isanu. Lero, alendo ali panjira, ndi pamene ukundiuza kuti mbuzi ndinawalonjeza ija ndi nkhuku?"

"Ndikanayenera kuzula chingwe masabata atatu apitawo, bwana. Sindinatero."

"Chabwino. Udzakonza mawa."

"Ndakonza kale. Chimene sichingakonzeke ndi nambala ya pakhomayo."

A Mawa anayenda kuchokera pazenera kukafika pachitseko, n'kubwerera. "Sindikukuuza kuti uname. Ungoonetsa liwiro. Manambalawo si oona?"

"Ndi oona magetsi akakhalapo."

"Ndiye ukufuna chiyani?"

"Mundilole ndiwaonetse nkhokwe zonse ziwiri. Asankhe akudziwa."

"Uwaonetse manyazi athu? Iwe, ukudziwa kuti anthu awa akatikana sindingasunge madesiki asanu ndi limodzi? Ndipo desiki yomaliza kulowa ndi imene imayamba kutuluka. Ndikhoza kuimika Wailesi m'malo mwako."

"Mukhoza, bwana. Kampani ndi yanu. Koma alendowo akandifunsa ine, ndidzayankha zimene ndaona."

Sanakweze mawu, ndipo manja anawasunga kumbuyo monga mwana wolemekeza akulu. Kukana choipa sikufuna mwano.

A Mawa anatsegula kabati, n'kutulutsa kalata yomukhazikitsa pantchito ija, n'kuiika padesiki. Anatenga cholembera, n'kuchilowetsa m'thumba la malaya.

"Pita ukaimirire. Uchite zimene wasankhazo. Koma kalata iyi sindinasaine, ndipo cholembera waona kumene chalowa."

"Ndaona, bwana. Zikomo."

Potuluka anapeza Wailesi ataima pafupi kwambiri ndi chitseko, atanyamula makapu awiri.

"Ndimangodutsa," anatero. "Koma mchemwali, mtima wakowo anakuikira wa mkango kapena unabwereka?"

6. Mayi wa kope lofiira

Alendo anafika nthawi yake. Anali atatu: anyamata awiri ovala majekete, ndi mkulu wawo, mayi wamfupi wosaseka wamba, atagwira kope lofiira. A Mawa anawalonjera ndi mawu ochepa kuposa amene anayeseza, n'kukhala pampando wakumbuyo.

Namzeze anaimirira chilili. Choyamba anapita pakhoma, n'kumatula pepala lija.

"Mayi ndi abambo, nambala iyi inachokera kwa ine. Ndikupempha kuti musaikhulupirire kufikira mutaona chimene ndikuonetseni. Tiyeni tilowe umu."

Anawalowetsa m'kachipinda kozizira. Munali mothina, moti mnyamata wina anaima mwendo umodzi uli panja. Namzeze anayatsa nkhokwe yothamanga ija. Manambala anauluka, ndipo anyamata aja anayang'anana mokondwa.

"Liwiro ndi limenelo, katatu monga munauzidwa," anatero Namzeze. "Tsopano mayi, ndikupempha kuti muzule chingwe chakudacho, nthawi iliyonse imene mufuna."

"Ine?" anafunsa mayiwo. "Mwandiitana kuti ndidzakuphereni makina?"

"Inde, mayi. Kuchipatala magetsi sadzayamba apempha chilolezo."

Mayiwo anapatsira mnzake kope, n'kuwerama, n'kuzula. Makina atadzukanso, Namzeze anapempha mmodzi wa anyamata aja kuti awerenge yekha.

"Zasowa 377," anatero mnyamatayo, n'kuimba mluzu.

"Mayina onsewo nkhokwe inati yasunga," anatero Namzeze. "Inkayankha chinthu chisanafike padisiki. Mzere wochititsa zimenezo ndinalemba ndine, ndipo sindinauyese mokwanira. Tsopano nayi yokonzedwa. Imaposa yakale pang'ono chabe, khumi ndi awiri pa khumi. Zulaninso."

Mayiwo anazula. Palibe chinasowa.

"Bwerezani," anatero.

Anabwereza. Anazula koyambirira, anazula kumapeto. Kachinayi mayiwo ananamizira kufunsa a Mawa za msewu wobwererera, ndipo ali mkati molankhula anakoka chingwe ndi phazi. Wailesi, amene ankasuzumira pachitseko, analephera kudzigwira. "Mayi awa ndi achibale a Mayi Chizula!" Onse anaseka, kupatula a Mawa. Kanayi konse chiwerengero chinakwana.

Mayiwo anatenganso kope lake n'kulemba mizere ingapo. Kenaka anayang'ana Namzeze.

"Vuto limeneli munalidziwa liti?"

"Lero, 9 koloko m'mawa."

"Abwana anu ndi amene anakuuzani kuti mutionetse?"

A Mawa anayang'ana nsapato zawo.

"Anandilola, mayi," anayankha Namzeze.

Mayiwo anatseka kope. "Ndikuuzeni zoona. Mwezi uno tayenda makampani anayi. Onse anatikhazika pamipando yofewa, n'kutionetsa manambala pakhoma. Palibe anatilola kukhudza chingwe. Kwina nditafunsa za magetsi anandiyankha kuti ndisadere nkhawa, n'kundiwonjezera tiyi. Ine ndagwira ntchito ndi zipatala zaka khumi ndi zisanu. Matumba a magazi safika zikwi pa mphindi imodzi. Liwiro la katatu tilibe nalo ntchito. Chimene tikufuna n'chakuti nkhokwe ikati ndasunga, namwino atembenuke osayang'ananso kumbuyo. Titenga yochedwayo, pa mfundo imodzi: tikaimba foni chifukwa cha vuto, woyankha azikhala mtsikana uyu. Amene waulula cholakwa chake alendo atatu akumva sadzatibisira china."

A Mawa anatsokomola. "Zimenezo zitheka ma..." Anadziletsa. "Zitheka lero."

7. Chimene chinatuluka pakhomo

Alendo atatsika masitepe, ofesi yonse inasefukira. Wailesi anakwera pampando n'kuyamba kuulutsa nkhani yonse kwa anthu amene anaiona ndi maso awo. Mayi Chizula sanaombe m'manja. Anangoyandikira, n'kugwira phewa la Namzeze, n'kunena kuti, "Kuyambira lero chingwe uzizula ndiwe. Msana wanga watopa." Aliyense m'chipindamo ankadziwa kuti m'zaka zonsezo mayiwo sanapatsepo munthu ntchito imeneyo.

A Mawa anatuluka m'chipinda chawo ndi kalata ija. Anaiika padesiki ya Namzeze onse akuona, n'kutulutsa cholembera m'thumba, n'kusaina.

"Unandikwiyitsa," anatero. "Ndipo ukanandikwiyitsa koposa ukanandimvera. Desiki ndi yako."

"Zikomo, bwana." Namzeze analandira kalatayo ndi manja awiri.

Mayi Chizula anali atakhala kale pakompyuta yawo, nkhope ili pafupi ndi sikirini. "Tsopano tifufute nkhokwe yabodzayo, wina angaitenge molakwitsa. Mwayi wake sinatuluke pakhomo pano."

A Mawa anatsokomolanso. Mayiwo anatembenuka, n'kuvula magalasi akuda aja.

"Ndati sinatuluke pakhomo pano. Si choncho?"

A Mawa anali ataima pomwe paja, cholembera chili m'manja.

"Inatuluka," anatero ndi mawu ang'ono. "Lachiwiri. Kuli anyamata ena amene akupanga pulogalamu yosunga malikisi a mayeso a ana asukulu. Anadandaula kuti yakale ikuchedwa, ndiye ndinawatumizira yatsopanoyo. Aphunzitsi anayamba kulowetsa malikisi dzulo. Akumaliza lero, 5 koloko, ndipo akamaliza mapepala onse amabwezedwa kwa ana."

Wailesi anatsika pampando. Onse anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali mphindi khumi kupitirira 4 koloko, kutanthauza kuti kwatsala mphindi makumi asanu.

"Aimbireni," anatero Mayi Chizula.

A Mawa anaimba. Foni inalira mpaka inaduka. Anaimbanso, koma palibe anayankha. Kunja kunali kutada ndi mitambo, ndipo chakutali kunagunda bingu.

Namzeze anapinda kalata yake asanaiwerenge, n'kuiponya m'chikwama pamodzi ndi kompyuta. Anali atafika kale pachitseko chobiriwira pamene anatembenuka.

"Bwana, makiyi a galimoto ali kuti?"